Mwana Amene Sanalembedwe

Amene muli ndi mwana kumbuyo, mangani kaye chitenjecho bwino ndisanayambe. Nkhaniyi sindinachite kumva kwa munthu. Inachitika m'nyumba mwanga ku Area 36, ndipo mwana amene ndikambe za iye ndi yemwe uja masiku ano amathamangitsa nkhuku za eni ake.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma maso ndili nawo. Ophunzira anali amuna anga, a Gwaza, bambo a Ulemu. Ntchito yawo inali ya makompyuta, ndipo masiku ambiri ankagwirira kunyumba, pa tebulo la pabalaza. Anali ndi mpando wawo wachitsulo, mwendo umodzi waufupi, ndiye pansi pake ankaikapo kachikatoni kopinda.

Tsiku lina ndikusankha nyemba ndinawafunsa. "Kodi makompyuta amene mumati mukumangawo ali kuti? Ine ndimangoona kamodzi aka."

"Ali kumtambo, Nangozo."

"Musandinamize ngati ndine Ulemu."

Anaseka, n'kundikokera pafupi. Anati mtambo ndi dzina chabe. Makinawo ali m'zinyumba zikuluzikulu kunja kwa dziko lino, iwo amangochita lendi. Kale munthu ankakhala n'kumadina, kutsegula imodziimodzi ndi manja, mawa n'kuiwala zimene anachita dzulo. Iwo anasiya zimenezo. Ankalemba. Zolembazo amati khodi.

"Taonani apa. Ndalemba kuti pakhale makina asanu, zitseko ziwiri, ndi nkhokwe imodzi yosungiramo zinthu. Ndiye pali pulogalamu imene imawerenga zimenezi tsiku lililonse hafu sikisi madzulo, anthu ataweruka, n'kupita kukayendera. Chikasowa, imamanga china. Chikasuntha, imachibwezera pamalo pake."

"Nanga ikapeza chimene simunalembe?"

"Imachotsa. Chosalembedwa si chathu."

"Ndiye ndi apongozi angatu amenewo," ndinatero. "Mayi anu akabwera amachita zomwezo m'khitchini mwangamu."

Anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Kenako anandionetsa kakona kawo koyeserera zinthu asanakazichite ku makina enieni a kampani. Munali timakina titatu, ndipo anatipatsa mayina athu: gwaza, nangozo, ulemu. Analoza kapakatipo. "Aka ndi inu. Sikachedwa kutentha."

Mu Febuluwale anadwala Lachiwiri, Lachisanu n'kutisiya. Panali chinthu chimodzi chimene sindinawauze. Ndinali ndi pakati pa miyezi iwiri. Inu amayi mukudziwa, mimba yaing'ono sitchulidwa. Umaisunga mumtima mpaka itagwira, kuopa maso ndi pakamwa pa anthu. Ndinkadikira mwezi wachitatu, ndipo tsiku lowauzira ndinali nditasankha kale. Anapita akudziwa kuti m'nyumba mwawo tilimo atatu.

Titabwerako ku maliro ku Ntcheu, achibale atagawana malaya ndi nsapato monga zimakhalira, ine ndinatsala ndi tebulo, mpando uja ndi laputopu. Laputopuyo ndinaikulunga m'chitenje n'kuiika pamwamba pa wadirobu. Ndinayamba kukazinga mandasi pakhonde, ndipo mpando wachitsulo uja ndi umene ndinkakhalira.

Madzulo ena ndinalowa kukasambitsa Ulemu. Potuluka, mpando pakhonde panalibe. Ndinaupeza pa tebulo, pamalo pake penipeni, kachikatoni kali pansi pa mwendo waufupi uja. Ulemu anali ndi zaka zisanu, ndipo mpandowo ngakhale ine ndinkachita kuukoka. Mawa lake chimodzimodzi. Kapu yawo yachitsulo, imene ndinkatungira ufa, ndinkaipeza yotsukatsuka pa shelefu, chogwirira chitaloza kumanja. Ndipo nthawi yomweyo, hafu sikisi, pamwamba pa wadirobu pankamveka kaphokoso ngati njuchi imene yatsekeredwa m'botolo. Kankalira mphindi zitatu kapena zinayi, n'kusiya. Laputopu imeneyo inali isanaone chaja chichokereni mwini wake.

Mantha ndinalibe, kunena zoona. Womwalira amene amakusanjira m'nyumba si wovuta kukhala naye. Alipo amoyo ambiri amene sabweza n'komwe supuni pamalo pake. Lichero latsopano litasowa, ndinangoti ndi ana a pa neba. Ndowa yatsopano itasowa, ndinakalipira Ulemu.

Mu Seputembala ndinachira, mwana wamwamuna. Alamu anga ankafuna dzina la Masiye. Ndinakana, ndinati mwana wanga sadzayenda atasenza maliro pamutu. Tinamutcha Lonjezo.

Zinayamba ndi timasokosi. Mukudziwa sokosi imasowa imodzi, inzake n'kutsala. Izi zinkasowa ziwiriziwiri. Kenako beseni la buluu limene amayi a kumpingo anandipatsa. Kenako shawelo yoyera, imene ndinaisiya pabedi ndikupita kukaphula mandasi. Kenako buku la kusikelo, lomwe ndinkalisunga m'chikwama, chikwamacho chili chotseka. Anesi anandikalipira pamaso pa anthu kuti amayi a masiku ano timangosamala mafoni. Ndinangoti pepani, n'kugula lina.

Ine ndikaona chinthu kawiri, kachitatu ndimachiyesa. Ndinatulutsa shawelo yakale ya Ulemu m'sutikesi, n'kugulanso kachipewa katsopano pa kaunjika. Zonse ziwiri ndinaziyala pabedi, ndinatseka chitseko, n'kukhala pakhomo pomwepo ndi mwana m'manja. Hafu sikisi njuchi ija inalira. Itasiya ndinatsegula. Shawelo inalipo, koma yobwerera m'sutikesi. Kachipewa kanalibe paliponse.

Apo ndinamvetsa. Chilichonse chimene chinalowa m'nyumba muja a Gwaza atapita kale, chinkachotsedwa. Ndinayamba kumuveka Lonjezo zovala zakale za mlongo wake. Mwana wamwamuna m'kadiresi ka pinki, anthu pa mjigo ankaseka. Ndinkati sekani, bola wafunda.

Ndiye tsiku lina Ulemu akudya phala anangoti, "Amama, adadi akuti mwanayu ndi wa ndani?"

Ndinaika chipande pansi bwinobwino. "Wawaona kuti adadi?"

"Sindinawaone. Amangowerenga. Amati mmodzi, awiri, atatu. Ndiye amaima. Ndiye amayambiranso."

Mwezi umenewo ku sikelo Lonjezo anatsika. Ankayamwa bwino, osatsegula m'mimba, osatentha thupi, koma muvi wa sikelo unabwerera m'mbuyo. Anesi anandifunsa ngati ndikudya mokwanira. Ndinati ndikudya.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinali kukhitchini, mwana ali kumbuyo. Njuchi ija inayamba. Ndinangomva chitenje chikukhwefuka pachifuwa, mfundo ili chimangire. Mwana anali pomwepo, mpweya wake ndinkaumva pakhosi panga, koma kulemera kwake kunkatha pang'onopang'ono ngati thumba la mchere lobooka. Sindinakuwe. Ndinamugwira ndi manja onse awiri cham'mbuyo, n'kuthamanga. Nditangodutsa geti, kulemera konse kunabwerera kamodzi, mpaka ndinagwada pansi.

Kuyambira pamenepo, ikamakwana sikisi ndinkatenga ana anga n'kukaima kunja kwa geti. Sabata yoyamba zinatheka. Sabata yachiwiri pa geti sipanakwanenso, ndinachita kufika pa mjigo. Sabata yachitatu mpaka pa msewu wa tala, pamene amagulitsa makala. Chinthucho chinkafutukula malire ake, ndipo mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kusonkhana. Ndinadzifunsa kuti pofika Khirisimasi ndidzakhala ndikuthawira kuti, ku Dedza?

Mayi Jere, eni nyumba, anandiona ndikuima pamsewu tsiku ndi tsiku. Nditawauza, anagwira pakamwa. "Mayi a Ulemu, izi n'zofunika mapemphero osagona. Kapena ndikuperekezeni kwa munthu wina ku Mitundu, amazitha zoterezi."

Ndinawathokoza. Koma munthu wanga ndinkamudziwa ndine. A Gwaza sanamenyepo ngakhale galu. Sanali ankhanza, anali adongosolo. Munthu wotero suchita kumuthamangitsa ndi mankhwala. Umamuuza zinthu m'njira imene iye amamvera.

Ndinafufuza nambala ya a Wezi Nkhonjera, mayi amene ankagwira ntchito limodzi ndi a Gwaza, amene pa maliro analira kuposa achibale ena. Ndinawaimbira Lachinayi masana.

"Achemwali, ndifunse. Timakina titatu tija ta mayina athu tikadalipo?"

 "Wakuuzani ndani?"

"Palibe. Tilipo?"

"Tatichotsa kanayi, mayi a Ulemu. Madzulo timabwerera. Poyamba sitinadabwe, tinati pulogalamu ija ikugwira ntchito yake. Koma pulogalamuyo tinaizimitsa mu Epulo."

"Munachotsa ndi manja?"

"Eya, ndi manja."

"Ndiye munalakwitsatu. Eni ake ankati za manja sizikhalitsa. Bwanji osasintha zolembazo?"

Ndinamva akupuma mwamphamvu. Anati zolembazo zili m'fayilo imene mwini wake ndi a Gwaza okha. Lamulo la ntchito yawo ndi lakuti munthu sasintha khodi payekha. Umalemba zimene ukufuna kusintha, n'kupempha, ndipo mwini wake akaona n'kuvomera, m'pamene zimachitika. Kuti fayiloyo ipatsidwe mwini wina pankafunika abwana, ndipo mu ofesi monse panalibe amene anali ndi mtima wokafufuta dzina la mnzawo.

"Ine sindikufuna mufufute munthu," ndinatero. "Ndikufuna muwonjezere. Mubwere mawa ndi kompyuta yanu, isanakwane sikisi."

Lachisanu limenelo mpando uja ndinauika dala pafupi ndi chitseko. A Wezi anachedwa ndi mzere wa magalimoto, anafika teni pasiti sikisi, thukuta lili kamukamu. Ankati akhale pa mpando wachitsulowo, ndinawaletsa.

"Umenewo uli ndi mwini wake. Khalani pa stulu apa."

Anandiyang'ana, anayang'ana mwana wa diresi la pinki kumbuyo kwanga, osafunsa kanthu. Ophunzira ena ali ndi nzeru ndithu. Anatsegula laputopu yawo pa tebulo, n'kupeza fayilo ija. Zambiri zinali Chingerezi ndi tizizindikiro, koma mayina athu ndinawaona, lililonse ndi timizere take pansi. A Wezi anakopera timizere ta Ulemu n'kutiika m'munsi.

"Dzina ndilembe ndani?"

"Sunthani, ndilemba ndekha."

Ndinalemba ndi chala chimodzi, chonunkha mafuta a mandasi. Lonjezo. Zilembo zisanu ndi ziwiri, koma zinanditengera nthawi ngati ndikusenda chinangwa ndi supuni.

"Tsopano apa pamafunika chifukwa," anatero a Wezi. "Aliyense wopempha kusintha amalemba chifukwa chake, kuti mwini wake amvetse."

Ndinali nditasunga mawu amenewo miyezi isanu ndi inayi. Ndinalemba kuti: Bambo a Ulemu, mwanayu ndi wanu. Munapita ndili ndi miyezi iwiri. Ndinkadikira wachitatu kuti ndikuuzeni. Mphuno ndi yanu yomwe.

A Wezi anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kudina. "Pempho lapita. Koma mayi a Ulemu, ndikuuzeni zoona, palibe amene avomere lero. Lolemba ndikalankhula ndi abwana. Panopa tengani ana tizipita kumsewu, yatsala mphindi zitatu."

"Pitani inu ngati mukufuna. Ine ndatopa kuthawa m'nyumba mwanga. Munthu ndamuuza, ndidikira yankho."

Sanapite. Ulemu anabwera kudzakola mwendo wanga. Kunja kunali kutachita kachisisira, Mayi Jere akukalipira mwana wawo za makala, wailesi ya pa neba ikulengeza za maliro. Zonse zinali monga mwa masiku onse.

Njuchi ija inayamba.

A Wezi anatembenukira kuchipinda. "Chimenecho n'chiyani?"

"Laputopu yawo."

"Ili pa chaja?"

"Chaja anatenga alamu anga mu Febuluwale."

Kumbuyo kwathu, cha ku chitseko, chitsulo chinakhula simenti. Pang'ono, n'kuima. Pang'ono, n'kuima. Palibe amene anatembenuka.  Ulemu ananong'ona, "Ayamba kuwerenga."

Chitenje chinakhwefuka. Ndinamumasula Lonjezo n'kumubweretsa kutsogolo, ndipo ndikukuuzani, zinali ngati ndanyamula diresi lokhalokha. Maso anali otsegula, akundiyang'ana, osalira. Miyendo yanga inkafuna kuthamanga. Ndinaiuza kuti ikhale pomwepo.

"A Gwaza," ndinalankhula mokweza, mmene ndinkawaitanira chakudya chikapsa. "Musanawerenge anthu, werengani kaye kalata. Munandiphunzitsa nokha kuti chinthu chimayamba n'kulembedwa. Ndalemba."

Mpando unasiya kukhula. Njuchi ija inkalirabe, koma m'nyumba munali zii, bata lake ngati la munthu amene waweramira pepala. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji.

Kenako laputopu ya a Wezi inalira kamodzi, ting'. Pambali pa pempho lathu panabwera kachizindikiro kobiriwira, ndipo pafupi pake dzina: E. Gwaza.

"Mayo ine," anatero a Wezi. Manja anali atawachotsa pa kompyuta, ali m'mwamba ngati awaloza mfuti. Zilembo zinayamba kutsika zokha pa sikirini. Iwo ankawerenga n'kumandimasulira. "Ikunena zimene ichite. Kuwonjezera, chimodzi. Kusintha, palibe. Kuchotsa..." Anaima.

"Kuchotsa chiyani?"

"Kuchotsa, chimodzi. Koma ife sitinapemphe kuchotsa!"

Anakweza fayilo ija m'mwamba mofulumira, n'kumenya pachipumi. Pamwamba penipeni panali kamzere kamene tonse sitinakaone. A Gwaza anaika malire, kuti m'kakona kawo koyesererako makina asapitirire atatu. Wachinayi akalowa, wina ayenera kutuluka.

Ndinamukoka Ulemu n'kumupanikiza pamimba panga, Lonjezo pachifuwa. Ndinalibe dzanja lachitatu lodzigwira ndekha. "Sinthani pakhale anayi! Lembani anayi, achemwali!"

"Nthawi yatha, yayamba kale."

"Ndiye ikuchotsa ndani? Werengani!"

A Wezi anayandikitsa nkhope pa sikirini.  Kenako anatembenuza laputopuyo kuti ndidzionere ndekha. Chingerezi sindichidziwa, koma mayina ndimawerenga. Anali atatu: nangozo, ulemu, lonjezo.

Nthawi yomweyo mwana analemera m'manja mwanga ngati mwala wa mphero, mpaka ndinakhala pansi pa simenti. Analira kulira kwenikweni, kwaukali, kumene anali asanalirepo chibadwire, n'kundikodzera chitenje chonse. Sindinasangalalepo ndi mkodzo ngati tsiku limenelo. Pamwamba pa wadirobu panali chete.

Ulemu anamvetsera kanthawi, mutu ataupendeka. "Awerenga atatu," anatero. "Sanayambirenso."

Titatembenuka, mpando uja unali pakati pa balaza. Sunafike pa tebulo. Kachikatoni kanali katatsalira kuchitseko.

A Wezi anakana tiyi. Ndinawaperekeza mpaka pa msewu wa tala, ndipo tikusiyana anandigwira dzanja. "Lolemba ndikawauza chiyani ku ofesi?"

"Mukawauze kuti mwini wake wavomera. Timakina titatuto mutisiye, sitidya zambiri."

M'mawa mwake ndinapeza katundu pa tebulo. Beseni la buluu, lichero, ndowa, buku la kusikelo, kachipewa ka pa kaunjika. Shawelo yoyera ndi timasokosi sizinali zopinda mmene ndimapindira ine. Zinali zokulungiza ngati mikeka, mmene a Gwaza anaphunzirira ku sukulu yogonera konko, mmene ndinkawanenera nthawi zonse kuti akundikwinyira zovala. Mwezi wotsatira ku sikelo anesi omwe aja anandifunsa kuti mwanayu ndikumudyetsa chiyani.

Ndiye inu amene muli ndi kanthu mumtima kamene mukudikira tsiku labwino kuti muwauze anzanu a m'nyumba, zanu izo, ine ndakamba zanga. Laputopu ija ikadali pamwamba pa wadirobu, ndipo sinalirenso. Kapu yachitsulo ndimatungira ufa, imagona m'thumba momwemo. Mpando ndimakhalira pokazinga mandasi pakhonde, ndipo pamene ndausiya m'pamene ndimaupeza. Masiku ena ikamakwana hafu sikisi ndimauika dala mokhota pakati pa njira, n'kulowa kukasambitsa ana. Ndikatuluka umakhala uli pomwepo, wokhota. Ndimaukoka ndekha mpaka pa tebulo, n'kuwerama kuikapo kachikatoni.